Chaka Chimene Galu Wathu Anachira

Galu ameneyu anafika pakhomo pathu ali m'thumba la jekete ya amuna anga, chaka chotsatira madzi aakulu aja amene anatithamangitsira kumtunda. Anali kamwana kofiirira, kotupa mimba, konunkha nsomba. Amuna anga anakatulutsa ndi manja awiri, n'kukakhazika pamphasa yanga yatsopano imene ndinali ndisanaigonere n'komwe, kenako anandiuza kuti ndikafune mkaka kwa anthu a ng'ombe. Ine ndinabereka ana anayi m'nyumba imeneyo, ndipo palibe tsiku limene munthu ameneyu anatumapo wina kuti akandifunire mkaka. Ndinapita, koma njira yonse ndinkayankhula ndekha.

Dzina lake sinditchula. Kuno dzina la galu limakhala mawu opita kwa munthu wina, ndipo la ameneyu linkapita kwa mnansi amene anakangana ndi amuna anga pa malire a munda. Mnansiyo akadali moyo, ndiye tizisiye.

Ndinene poyera kuti galuyu ndinamuchitira nsanje kuyambira tsiku loyamba. Amuna anga si munthu wa mawu. Akafika pakhomo amangoti, "Kuli bwanji kuno," maso ali kwina. Koma ndi galuyo ankacheza. Ankamufunsa ngati wadya, ankamuuza za mvuu zimene zinalowa m'chimanga, ankamugoneka pamiyendo n'kumamuchotsa nkhupakupa imodziimodzi. Mutu wa mlamba, umene kale unkabwera m'mbale mwanga, unayamba kuponyedwa pansi pa mpando. Ine ndikadandaula msana pochokera kumjigo, yankho linali loti ndimwe mapiritsi. Galu akangoyetsemula, munthu ankadzuka pampando.

Ikanakhala nsanje ya galu yokha, bwenzi ili nkhani yoseka. Koma pansi pake panali ina. Ine kwathu ndi ku Makhuwira. Kuno ku Makhanga ndinabwera ndi ukwati, ng'ombe zitapita kwa makolo anga, ndipo pamene ndimagona, pamene ndimalima, ngakhale mtengo wa mango umene ndinadzala ndekha, zonse ndi za kwawo kwa mwamuna. Ana anakula n'kubalalika. M'banja la amuna anga mitala si nkhani yonong'ona, chifukwa bambo awo anali ndi akazi awiri ndipo akulu awo chimodzimodzi. Mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga amene amakhala kuseri kwa nyumba yathu, ankakonda kunena kuti achimwene ake akadali ndi mphamvu, uku akundiyang'ana cham'mbali. Chimene ndinkaopa ndi chimenecho, kuti tsiku lina ndidzaitanidwa pakhonde n'kuuzidwa kuti ndili ndi mnzanga.

Madzi akaphwera, anthu kuno amawoloka kupita kumadimba a kutsidya, pazilumba za m'dambo, kumene nthaka imakhalabe yonyowa ngakhale dzuwa litafika poswa mtengo. Amuna amamanga misasa n'kumagona komweko kulondera mvuu ndi anyani, ndipo amabwera kumudzi ufa ukatha kapena akakumbukira tchalitchi. Kale ndinkapita nawo. Bondo langa litayamba kuvuta, kukwera ndi kutsika bwato kunandikanika, ndipo ndinatsala ndi mbuzi ndi nkhuku. Malo anga m'bwato anatenga galu.

Ulendo woyamba womwewo anabwerako akudzikanda. Kumimba kwake kunali kofiira, m'khwapa muli timatuza, ndipo ankatafuna mapazi ake mpaka kutuluka magazi. Ankadzikhula pakhoma, pamtondo, pamwendo wa munthu aliyense amene waima. Ubweya unayamba kuthothoka kumsana, makutu n'kuyamba kununkha, ntchentche nazo n'kupeza ntchito. Amuna anga anasiya kudya bwino. Ine ndikukumbukira kuti ndinadwalapo malungo mpaka kubwebweta, koma munthu yemweyo anamaliza mbale yake n'kufunsa ngati ndiwo zatsalako.

Galu akadwala m'mudzi, aliyense amasanduka dokotala. Wina anati ndi mphere, timupake phulusa lotentha. Wina anati timusambitse madzi a fodya. Mlamu wanga anati galuyo wadya chule. Mlangizi wa ziweto tinamupeza kamodzi, amuna anga atamulondola ndi njinga, ndipo atayang'ana anati si mphere, koma pali chinthu chimene khungu la galuyo limadana nacho, mwina udzu wa kudambo, mwina matope, mwina tizilombo ta kumeneko. Anati njira ndi yoti asamapite. Amuna anga anamva zonse kupatula mawu omalizawo.

Kenako anabwera ndi oilo wakuda wa m'chigayo, amene mnzawo wina anawatsimikizira kuti sakanika. Anamupaka galu thupi lonse dzuwa lili pamutu. Galu analira, anathamanga kuzungulira nyumba, anagubuduka mumchenga, ndipo pofika madzulo khungu linali litatupa, iye akusanza zakuda chifukwa ankadzinyambita. Amuna anga anaima pakati pa bwalo manja ali bii, akundiyang'ana ngati mwana amene waswa mtsuko.

"Chitanipo kanthu," anatero.

"Ine? Si mwana wanu ameneyu?"

"Chonde, amayi."

Mawu akuti chonde anali asanatulukepo pakamwa pawo kubwera kwa ine, ndipo atatuluka anatulukira galu. Ndinakwiya mpaka m'makutu munatentha. Koma kulira kwa chinyama chija sikunali kopiririka, ndipo ndinatenga beseni.

Zimene ndinachita ndi zimene mayi anga ankachita ndi ife tikatuluka zidzolo za kutentha. Ndinayamba ndachotsa oilo uja ndi sopo ndi madzi ofunda, pang'onopang'ono, mpaka madzi anasiya kuda. Ndinathyola masamba a nimu, amene kuno saguliwa chifukwa mtengo wake uli pakhomo lililonse, ndinawawiritsa mpaka madzi anasanduka obiriwira mwakuda, n'kuwasiya kuti azizire. Ndi kansalu ndinamutsuka kuyambira pakhosi kutsika, kumimba, m'khwapa, pakati pa zala, osamutsukuluza. Pazilonda zonyowa ndinapaka madzi a alovera. Pamene panali pouma ndi pong'aluka ndinapaka mafuta a nsatsi, oyenga ndekha, pang'ono chabe, ndipo ndinamugwira mutu kufikira atalowa, chifukwa akawanyambita amatsegula m'mimba. Thumba limene ankagonera ndinalitentha.

Sanachire tsiku lomwelo. Ntchitoyi imafuna m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa, ndipo imafuna munthu wokhala pansi. Koma khungu linapola, nkhanambo zinayoyoka, ubweya unayamba kumera. Atangooneka bwino, amuna anga anamuimbira likhweru n'kutsikira naye kudoko, ndipo atabwerako zonse zinali zitayambiranso.

Umu ndi mmene tinakhalira zaka zingapo. Iwo amapita naye wosalala, amabwera naye wazilonda, ine ndimawiritsa nimu. Nthawi ya mvula, madzi akatizungulira n'kutseka njira zonse, galu amakhala pakhomo ndipo khungu limakhala bwino, kupatula nsonga za makutu zimene ntchentche sizizisiya. Madzi akaphwera, ntchito yanga imayamba. Ndinkamutukwana ndikumusambitsa. Ndinkamuuza kuti ndi mbuli, kuti wadya mitu yanga ya mlamba, kuti iye amakwera bwato pamene ine ndikutsalira mbuzi. Iye ankangotukula mwendo kuti ndifike m'khwapa. Patapita nthawi, akatsika m'bwato sankadikiranso mwini wake. Ankathamanga yekha kudzagona pafupi ndi beseni, ndipo ine, ngakhale sindinauze munthu, ndinayamba kuthyola nimu ndikangomva kuti mabwato akubwera.

Amuna anga nawo ndinkawayang'ana akabwera. Ndinkanunkhiza malaya pochapa. Ndinkaona ngati batani lothothoka lasokedwa ndi ulusi umene si wanga. Ndikawaimbira foni n'kumva kuti sikupezeka, mtima unkapita kutali, ngakhale ndinkadziwa kuti kudambo netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha. Sindinapezepo kanthu. Malaya ankanunkha utsi ndi matope, mapazi anali ong'aluka, ndipo munthu anali ndi njala ya munthu wodziphikira yekha.

Chaka china, kutatsala pang'ono kuti awoloke, anayamba kukhala nane pafupi ndikamasambitsa galu. Anabweretsa mpando wawo n'kuuika pambali pa beseni. Ankafunsa kuti masamba amakhala ochuluka bwanji, amawira mpaka aoneke bwanji, chifukwa chiyani sinditsukuluza, mafuta ndimapaka pati ndipo sindipaka pati. Ankayang'ana manja anga. Zaka zonse zija munthu ameneyu anali asanayang'anepo manja anga, ndipo ine, mayi wamkulu wa zidzukulu, ndinayamba kuvala chitenje chabwino posambitsa galu. Ndinkayankha motalikitsa kuti asachoke msanga.

"Mukufuna kundilanda ntchito?" ndinawaseka.

"Ndikufuna ndizimuchitira komweko, asamafike kuno atavutika."

"Manja anuwo? Mudzatopa lachiwiri lake."

Anaseka pang'ono. Ponyamuka ndinawathirira mafuta a nsatsi m'kabotolo kobiriwira, n'kukatseka ndi chitsononkho, ndipo ndinawaperekeza mpaka kudoko ndi bondo langa lomwelo. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo ya kukwaya.

Chaka chimenecho galu sanadwale. Atabwera koyamba ndinali nditawiritsa kale nimu, ndipo iye anathamanga kufika pabeseni monga mwa masiku onse, koma nditamugudubuza ndinapeza kumimba kuli koyera. M'khwapa munalibe kanthu. Pakati pa zala panali pouma bwino, makutu osanunkha, ubweya ukuwala. Anali atanenepa. Ndinathira madzi aja patsinde la mango, n'kunena kuti Mulungu ndi wabwino. Atabwera kachiwiri zinali chimodzimodzi, kachitatunso chimodzimodzi.

Anthu anayamba kundiyamikira. Kumjigo amayi ankandifunsa mmene ndimaphikira nimu wanga. Bambo wina anabwera ndi galu wake wa mphere kuti ndimuone. Ngakhale mnansi uja wa malire anaima pamsewu n'kunena kuti galuyo ngakhale ali ndi dzina loipa, akuoneka bwino. Ine ndinkalandira zonsezo ndi mano panja. Mlamu wanga yekha ndi amene sananene kanthu, ndipo mlamu wanga akakhala chete pa nkhani imene mudzi wonse ukuyankhula, pamakhala chifukwa.

Chimene chinanditsegula maso ndi zikhadabo. Tsiku lina masana galu anagona pamiyendo panga, ndipo ndikumusisita ndinaona kuti pakati pa zala zake palibe ngakhale kadothi. Galu wogona mumsasa wa kudimba, wothamangitsa anyani m'matope, sangakhale ndi mapazi otero. Ndinayang'ana m'makutu, ndinapeza mopukutidwa mpaka m'kati mwa mapindo, mmene chala cha mwamuna sichilowa ndipo mtima wa mwamuna sukumbuka. M'khosi mwake munali kachingwe kolukidwa ndi nsalu zong'amba, zofiira ndi zachikasu, kolukidwa bwino. Ndinakhala pamenepo galu ali pamiyendo, thukuta likutsika kumsana. Ntchitoyi ndimaidziwa ine. Imafuna m'mawa ndi madzulo, imafuna bwalo losesedwa, madzi oyera ndi munthu wokhala pansi. Galu ameneyu ankagona pakhomo la mkazi.

Zaka zonse zija ndinkanunkhiza malaya, osadziwa kuti mboni yanga inali zilonda za galu. Pamene ankabwera akudzikanda, amuna anga ankagonadi muudzu, okha, akulumidwa ndi udzudzu. Ndipo ine ndinkatukwana zilonda zimenezo, ndinkazipempherera kuti zithe.

Ndinapita kuseri kwa mlamu wanga. Ndinamupeza akusenda nyika, timizu takuda tija ta m'madzi.

"Alamu, galu wa achimwene anu amamusambitsa ndani kutsidya?"

Sanadzutse mutu. "Mwawafunsa eni ake?"

"Ndikufunsa inu."

"Ine za agalu nkhabe, sindizidziwa." Anaponya nyika m'lichero. "Koma inunso alamu, munthu azilima, azilondera, aziphikanso yekha, chaka ndi chaka? Bondo lanu si iwo analithyola."

Ndinatembenuka n'kubwerera kunyumba, chifukwa chimene chinali pakamwa panga chikanafika kwa ankhoswe. Amuna anga anali atawoloka kale m'mawa wa tsiku limenelo, galu atamusiya kuti atsatire ndi bwato la madzulo limene linkanyamula ufa wawo. Galuyo ndinamumanga pamtengo. M'mawa mwake ndinavala chitenje cha kutchalitchi, ndinatenga ndodo, ndinamumasula, n'kutsikira naye kudoko.

Wopalasa bwato ndi bambo wachikulire amene wawolotsa mudzi wonse, ndipo amadziwa amene amapita kuti. Atandiona anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anandigwira mkono pokwera. Tinanyamuka. Galu anaima kutsogolo kwa bwato, mchira ukugwedezeka, mphuno ili kutsidya, ndipo ine ndinkamuyang'ana kumsana kosalala kuja ndikulakalaka kumukankhira m'madzi.

Sindinafunse njira kwa munthu. Titatsika, galu sanalowere kumanzere kumene kuli dimba lathu. Anatenga kanjira ka kumanja, kodutsa m'mabango n'kukwera pamalo ouma pamene pali migwalangwa, ndipo ankathamanga n'kubwerera kudzandiona, ngati akundifulumiza kuti ndikaone zabwino. Ndinamutsatira ndikutsimphina. Tinafika pa kanyumba ka udzu watsopano, bwalo losesedwa, mbatata zoyanikidwa pathandala, kasola ka magetsi a dzuwa kali padenga. Pachingwe panali malaya amene ndinawasita ine.

Mkaziyo anatuluka ndi lichero. Ndinkayembekezera kamtsikana, ndipo mawu onse amene ndinakonza m'bwato anali a kamtsikana. Koma anali mayi wa msinkhu ndithu, wowonda, wa chipsera pachibwano, mapazi ong'aluka ngati anga. Galu anamulumphira. Iye anamukankha ndi bondo mosayang'ana, mmene munthu amachitira ndi galu wa pakhomo pake, ndipo maso ake anali pa ine. Anaika lichero pansi, anayala mphasa, n'kugwada chapatali.

"Muli tani, mama?"

"Mukundidziwa?"

"Ndakudziwani. Mwanambwayu, galu wanuyu, sangabwere ndi mlendo."

Ndinakhala pamphasa chifukwa bondo linali litakana, osati chifukwa cha ulemu. Anabweretsa madzi m'kapu, ndipo ndinawasiya pansi. Pakhonde panali beseni, pambali pake mphika wakuda wa masamba a nimu, ndipo pamwamba pa khoma, pamene dzuwa silifika, panali kabotolo kanga kobiriwira, chitsononkho chake chili chomwecho.

"Mafuta awo ndi anga," ndinatero.

"Ndi anu, mama. Atsala pang'ono. Ine kuyenga sinditha bwino, amatuluka akuda." Anayang'ana pansi. "Abambo ndiwo anandiphunzitsa zonse. Amati amayi kumudzi amayambira pakhosi, satsukuluza, mafuta amapaka pang'ono. Ndikalakwitsa amandiuza kuti amayi sachita choncho."

Ndikuganiza kuti ankafuna kundisangalatsa. Ine ndinamva ngati wandithira madzi otentha. Mpando uja pambali pa beseni, mafunso aja, maso aja pamanja anga, chitenje changa chabwino, zonse zinali sukulu ya mkazi ameneyu. Ndinali mphunzitsi wake osadziwa, ndipo iye anakhoza kuposa ine, chifukwa galu anali naye tsiku ndi tsiku ndipo ankamutsuka akangochoka muudzu, zidzolo zisanatuluke.

Amuna anga anafika khasu lili paphewa. Wina ayenera kuti anawathamangira. Anaima m'mphepete mwa bwalo, anatsitsa khasu, anavula chipewa n'kuchivalanso.

"Mwabwera," anatero.

"Ndabwera."

"Bondo lanu..."

"Lisiyeni bondo langa."

Anati ankafuna kundiuza tikakolola. Anati akuluakulu akudziwa, alongo awo akudziwa, zonse zinayenda mwa dongosolo, ndipo ine ndine wamkulu, malo anga palibe angawakhudze. Anayankhula mawu ambiri kuposa amene anandiyankhulapo chaka chathunthu. Ndinkawamva ngati wailesi ya nyumba ya eni. Maso anga anali pa galu, amene anali atapita kukagona pansi pa thandala, pa kathumba koyalidwa bwino, pamalo amene thupi lake linali litakumba kale kadzenje.

Chimene ndinanena sindinachikonze. Ndinaimirira ndi ndodo yanga n'kuuza mkaziyo kuti, "Awa khalani nawo. Galu ndikutenga."

Palibe anaseka. Amuna anga anati galuyo amathandiza kuthamangitsa anyani. Ndinawafunsa kuti pamene ankasanza oilo, anyaniwo anali kuti. Mkaziyo analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chingwe, anamumanga yekha pa kachingwe kake kaja, n'kundipatsa ndi manja awiri. Anatsitsanso kabotolo. Ndinakalandira, chifukwa ndi kanga.

Ulendo wobwerera galu anakhala kumbuyo kwa bwato, akuyang'ana kumene tinachokera. Kunyumba ndinamumanga pamtengo wa mango. Ndinadula kachingwe ka nsalu kaja n'kukaponya pamoto. Ndinamusambitsa nimu ngakhale analibe chilonda, kawiri, mpaka fungo la pakhomo paja litachoka, ndipo ndinamuphikira phala la madeya n'kuikamo mutu wa mlamba umene ndikanadya ndekha. Ananunkhiza n'kugona. Ndikamuyandikira ankagwedeza mchira, sanandide ayi, koma maso ake ankabwerera kunjira ya kudoko. Akamva mabwato ankaimirira, chingwe n'kukungika, ndipo ankalira kulira kochepa kwa m'mphuno kumene kumalowa m'mutu.

Mlamu wanga ankadutsa n'kumayang'ana. Amayi a kumjigo, amene tsopano onse anali atadziwa, kapena anali akudziwa kalekale, ankandifunsa za bondo mokoma mtima kwambiri. Amuna anga anaimba foni kamodzi ali pachulu paja. Anafunsa ngati ndili bwino, ndipo ndinadziwa kuti funso lotsatira ndi la galu, ndiye ndinadula.

Galu anayamba kuonda. Nthiti zinayamba kuwerengeka. Pamene chingwe chinkakhula pakhosi panatuluka chilonda, ndipo chilonda chimenecho sichinali cha udzu wa kudambo. Ndinachipaka alovera, iye n'kutukula mutu kuti ndifike bwino, monga ankachitira kale. Ndinamuuza kuti ndi wopanda nzeru, kuti ine ndi amene ndinamuchotsa m'kamwa mwa imfa, kuti mayi ujayo akungodya za eni. Anandinyambita dzanja, n'kuyang'ananso kunjira.

Ndinakazinga nsatsi zimene zinatsala, ndinasinja, ndinawiritsa, n'kuyengula mafuta oyera bwino, oposa onse amene ndinayengapo. Ndinkafuna akawaone. Ndinadzaza kabotolo, ndinamasula galu, ndipo tinatsikira kudoko, iye akukoka kutsogolo, ine ndikutsimphina kumbuyo. Analumphira m'bwato asanauzidwe.

"Mukuwolokanso, mama?" anafunsa wopalasa uja. "Mwadiya ulipo, malo m'bwatomu alipo."

"Ine ayi. Mukamutsitse kutsidya, njira akuidziwa. Botolo ili mukapereke. Ndipo mukanene kuti pakhosipo pasamangidwe kanthu mpaka papole, komanso posambitsa madzi asamalowe m'makutu, amadwala nawo. Chimenecho sindinawaphunzitse."

Bamboyo analandira botolo n'kuliika pakati pa mapazi ake. Anatenga nkhafi, kenako anaima.

"Ndikauze ndani, abambo kapena amayi?"

Ndinayang'ana madzi. Panali anthu ena padoko, ndipo onse anali atasiya zimene ankachita.

"Amayi," ndinatero.